Waya Wachisanu

Norbert Hudock, mwamuna wa mlongo wanga, anandilanda ngolo ya malasha ya sitima ya bambo anga Loweruka lachiwiri la Disembala mu 1996, m'holo ya ozimitsa moto kuno ku Mahanoy City. Sanaibise m'chikhothi n'kuthawa nayo ayi. Anaichotsa kumbuyo kwa injini yanga masanasana, holo itadzaza ndi anthu, n'kuilumikiza ku injini ina. Ine anandiikira ngolo ina yofanana nayo kunja kokha. Mpaka lero iye amati palibe chimene chinasowa.

Sitima ndikunenayi ndi kachidole kamagetsi kaja koyenda pa tinjanji take pansi pa mtengo wa Khirisimasi. Injini yake ndi yakuda, yachitsulo, yolemera m'manja. Bambo anaigula mu 1948. Pasanapite zaka zambiri denga la mgodi wa malasha linawagwera n'kuwapha, ine n'kusiya sukulu ndili kalasi yachisanu kukayamba kutola malasha m'milu ya miyala yotayidwa ku mgodi. Katundu wambiri wa m'nyumba amayi anagulitsa. Sitima anaisiya, kapena chifukwa palibe amene anaifunsa.

Munthu wosazidziwa amayesa ngolo ya malasha ndi chokongoletsera chabe. Pa sitima za mtundu uwu si choncho. Magudumu a ngoloyo ndi amene amatola magetsi pa njanji. M'kati mwake, pansi pa malasha abodza aja, muli kachipangizo kamene timati chotembenuza. Ukazimitsa magetsi n'kuyatsanso chimalira kuti tcha, sitima n'kuima. Ukabwereza, sitima imayamba kubwerera m'mbuyo. Ukabwerezanso kawiri, imapita kutsogolo. Kuchokera m'ngolomo mawaya amatuluka n'kukalowa ndi kapulagi kumbuyo kwa injini, pamalo a woyendetsa. Injini yopanda ngolo ndi chitsulo chopsinjira nyuzipepala basi.

Sitima zoyambirira, monga ya bambo, zinali ndi mawaya anayi okutidwa ndi nsalu yakuda. Pambuyo pake opanga anawonjezera waya wachisanu kuti nyali ndi utsi zisamazime sitima ikaima. Waya ameneyu salowa m'pulagi. Amawotcheredwa ndi mtovu m'kati mwa injini, moti ngolo ndi injini sizisiyana mpaka wina atabwera ndi chodulira. Koma kunja ngolo sanazisinthe. Mtundu womwewo, zilembo zomwezo, timakwerero tomweto. Aliyense wa m'kalabu yathu ya sitima zing'onozing'ono ankazidziwa izi, ndipo Norbert, amene anali wokonza wa kalabu, ankazidziwa kuposa tonse.

Kalabuyo inali ya madoda opuma pantchito. Tinkakumana Lachinayi m'chipinda chapansi cha holo ija, ndipo Disembala aliyense tinkakweza matebulo m'mwamba n'kutsegula zitseko kuti anthu adzaone. Lamulo linalipo kuyambira ine ndisanalowe: wobweretsa sitima amange kachikatoni ka dzina lake ndi ulusi pa injini. Pa injini pokha. Ngolo palibe ankaimanga kanthu, poti ankati mchira susiyana ndi galu wake.

Ya bambo sindinkaitulutsa m'nyumba. Ku kalabu ndinkapita ndi zina zimene ndinagula nditakula, zoti zitagwa pansi sindingalire. Chaka chimenecho Leo Petrusky, wapampando wathu, amene kale ankayendetsa basi, anandikakamira.

"Iwe Clem, ukuisungira ndani sitima ija? Ukufuna tidzakuike nayo m'bokosi?"

"Ikakhala kwanga ndimadziwa pamene ili," ndinatero.

"Muno muli akuba? Tawaona anthuwa. Kuwerama kuti amange nsapato kumawakanika, ndiye athamange ndi sitima yako?"

Onse anaseka. Lachisanu ndinaibweretsa, ndinamanga kachikatoni pa injini monga mwa lamulo, ndipo ndinalemba dzina langa lonse, Clement Stanavage.

Chaka chilichonse kalabu inkapereka sitima imodzi yoti ichitidwe mayere. Anthu ankagula matikiti, phindu n'kupita kwa ozimitsa moto. Ya chaka chimenecho anaipeza ndi Norbert pa msika wa zinthu zakale, n'kuipukuta mpaka kuwala. Inali yofanana ndi ya bambo, kungoti inali yopangidwa mochedwerapo, ya mawaya asanu. Loweruka m'mawa, anthu atayamba kulowa, anaiika pa njanji yakunja kuti aliyense aone chimene akugulira tikiti. Anayatsa. Sitima inayamba kubwerera m'mbuyo. Anazimitsa, anayatsanso, inabwereranso m'mbuyo. Anagogoda ngolo ndi chala, osathandiza.

"Norb, yaiwala chiyani kunyumba sitima yakoyo?" anafuula munthu wina kumbuyo.

"Ikutsata mwini wake, nayenso tsitsi likubwerera m'mbuyo!" anatero wina.

Norbert anafiira makutu. Iye ndi munthu woti kumuseka pagulu kuli ngati kumuthira madzi otentha. Anainyamula n'kupita nayo pa tebulo lake lokonzera, pakona.

Ine Leo anali atandiika kukhichini, kupala mbatata za blini, zitumbuwa zathu zija zimene anthu amaimira pamzere. Sitima yanga inayenda m'mawa wonse pa njanji yam'kati. Dzuwa lili paliwombo anaichotsa kuti ipume, poti sitima zimasinthana kuopa kutenthetsa mota, ndipo anaiika pa shelefu kuseri kwa tebulo la Norbert. Pa kawindo koperekera chakudya ndinkaona msana wa Norbert ndi kautsi ka mtovu kakukwera. Ine amene sindikhulupirira ngakhale wotchi yanga, tsiku limenelo sindinaganize kanthu.

Anthu atatha kudya, sitima ya mayere inabwerera pa njanji. Inapita kutsogolo, inaima nyali ikuyaka, utsi ukutuluka, inabwerera, inapitanso kutsogolo. Anthu anaomba m'manja, matikiti anatha. Yanga sinatulukenso. Leo anati zodikira zinalipo zambiri. Madzulo mkulu wa ozimitsa moto anapisa dzanja m'chipewa n'kuwerenga dzina la mayi wina wa ku Tamaqua, Bernadine Kotch. Mayiyo ananyamula bokosi n'kumapita.

Lamulungu potseka, ndinapeza yanga ili kale m'bokosi lake, yokulungidwa ndi nyuzipepala, bokosi lomangidwa ndi chingwe.

"Ndakukulungirani kale, alamu," anatero Norbert. "Musamasule pano, kunja kukugwa chipale chofewa."

"Chifundo chonsechi chachokera kuti lero?"

"Khirisimasi, alamu. Ngakhale ine imandigwira."

Ndinamasula Lolemba m'mawa nditayala njanji pansi pa mtengo. Ndinalowetsa kapulagi, kanalowa bwinobwino. Ndinayatsa. Injini inang'ung'udza, kenaka inayamba kubwerera m'mbuyo. Inazungulira mtengo chobwerera, ngolo patsogolo, injini ikutsatira. Ndinazimitsa ndi kuyatsa kangapo. Kulira kuja kwa tcha sikunamveke. Apo ndi pamene ndinagwada n'kuyang'ana pakati pa injini ndi ngolo. Mawaya anali okutidwa ndi pulasitiki, osati nsalu.

Ndinavala chikhothi n'kupita kwa mlongo wanga Aldona, misewu iwiri kuchokera kwanga. Ndinawapeza kukhichini, iye akusenda malalanje a boilo, chakumwa chathu chotentha cha Khirisimasi, mwamuna wake akuwerenga za maliro m'nyuzipepala.

"Ngolo yanga ili kuti?" ndinafunsa.

"Mwadzuka bwanji, achimwene," anatero Aldona. "Ena amayamba ndi moni."

"Ndikufunsa amuna akowa."

Norbert anapinda nyuzipepala pang'onopang'ono. "Ngolo yanu ili m'bokosi lanu, alamu. Ndinakulunga ndekha."

"Mawaya ake ndi apulasitiki."

"Eya. Ndinakusinthirani. Akale aja anali atayamba kufumbwa, nsalu ikuyoyoka. Ndimati ndikuuzeni, ndinaiwala. Mukanayatsa nawo nyumba."

"Nanga bwanji ikungobwerera m'mbuyo?"

"Zakale izi, alamu. Ifenso tikadzuka m'mawa mwendo wina umakana. Bwerani nayo Lachinayi ndidzaithire mankhwala."

"Mwaona?" anatero Aldona. "Munthu akukuthandizani, inu mukubwera ngati apolisi. Khalani pansi mulaweko."

Sindinakhale. Kunyumba ndinatembenuza ngolo ija chagada pa thaulo. Pansi pa ngolo ya bambo pali masikuluwu anayi, atatu akuda, imodzi ya mkuwa. Yakuda inatayika ndili mwana, bambo n'kuikapo ya mkuwa imene anachotsa pa nyali yakale ya mumgodi. Pa ngolo iyi onse anali akuda. Ndinawamasula n'kutsegula. M'kati, pambali pa chotembenuza, panali kachidutswa ka waya wachisanu, kodulidwa chatsopano, kopindidwira pansi, kumapeto kwake atakulungako tepi.

Zimene Norbert anachita zinali zoonekeratu. Chotembenuza cha ngolo ya mayere chinali chitafa, anthu akudikira, matikiti osayenda. Anatembenuka, anaona ngolo yanga pa shelefu, yamoyo, yopanda dzina. Anadula waya wachisanu pa yakufayo, anawotcherera waya watsopano m'ngolo yanga, n'kuumangirira ku injini ya mayere. Yakufayo anaikankhira kumbuyo kwa injini yanga.

Ndinadikira msonkhano woyamba wa Januwale. Ndinalowa ndi ngoloyo ili chitsegulire m'bokosi la nsapato n'kuiika pa tebulo, pakati pa makapu a khofi.

"Watibweretsera chiyani, Clem, maliro?" anafunsa Leo.

"Werengani mawaya."

Anapatsirana bokosilo, aliyense akukweza magalasi. Kenaka linafika kwa Norbert. Iye analiyang'ana pang'ono n'kulikankha.

"Mawaya atsopano amabwera asanu pamtolo," anatero. "Injini yawo imafuna anayi, wotsalayo ndinadula. Chodabwitsa n'chiyani?"

"Mtovu uli pa kachidutswako ndi wakale," ndinatero. "Wada. Sunawotcheredwe mwezi watha."

"Tsopano alamu ayamba kudziwa zaka za mtovu ngati mano a kavalo."

Ena anaseka. Ndinanena za sikuluwu ya mkuwa. Stosh Wargo, amene samva bwino, anafunsa kuti ndikuti chiyani, ndipo atamubwerezera anati iye ali nazo zodzaza chitini kunyumba, andipatsa imodzi ndikaikepo nkhani ithe. Anasekanso.

Leo anagogoda tebulo ndi supuni. "Tamverani, anyamata. Clem, kachikatoni kako unamanga pati?"

"Pa injini."

"Injini yako unaipeza?"

"Ndinaipeza."

"Kumbuyo kwake kunali ngolo?"

"Inalipo, koma si yanga."

"Dzina lako linali pa ngolo?"

"Palibe amamanga pa ngolo. Lamulo lake ndi lanu lomwe."

"Ndiye kalabu ingaweruze bwanji? Unabweretsa injini ndi ngolo, watenga injini ndi ngolo. Mtundu umodzi, zilembo zimodzi. Titaziika pano ziwirizo, amayi ako omwe sakanazisiyanitsa."

"Amayi anga muwasiye."

"Pepa. Koma tamvera, Norb wati akukonzera chotembenuzacho ulere. Iziyenda kutsogolo, iziyenda kumbuyo. Ukufunanso chiyani?"

"Ndikufuna ngolo ya bambo anga."

"Ngolo ndi ngolo, mdala," anatero wina kumapeto kwa tebulo. "Si mkazi."

Norbert ankazunguza kapu yake. Enawo anayamba kukamba za denga la holo limene linkadontha. Pasanathe mwezi a kalabu anasintha lamulo, kuti tsopano kachikatoni kazimangidwa pa injini ndi pa ngolo pomwe. Sananene chifukwa chake. Ine ndinamva kwa Stosh, poti ku kalabu ndinali nditasiya kupita.

Dzina la Kotch linali m'buku la matelefoni. Sindinaimbe, poti munthu pa foni savuta kukana. Ndinapita ndekha ku Tamaqua Lachitatu lina masana, ngolo yakufa ija ili m'bokosi la nsapato, kachodulira mawaya kali m'thumba la chikhothi. Nyumba yake inali ya mumzere, yopapatiza, chipale chitakoloredwa pakhomo pokha. Anatsegula mayi wamfupi, wa imvi, atavala epuloni.

"Ngati ndi za tchalitchi, tili nacho kale chathu," anatero.

"Ndine wa ku kalabu ya sitima, mayi. Ku Mahanoy City. Munapata sitima ya mayere."

"Mwabwera kudzailanda?"

"Ndabwera kudzaiona."

Anandiyang'ana kuyambira kunsapato, kenaka anandiuza kuti ndipukute mapazi.

Mtengo wa Khirisimasi anali atachotsa kale, koma njanji zinali pa thabwa lalikulu pakati pa balaza. Pafupi pake, pa mpando wa magudumu, panali mwamuna wake Emil, wamkulu thupi, mbali imodzi ya nkhope itagwa. Dzanja lake lamanzere linali pa chogwirira cha thiransifoma, kabokosi koyatsira magetsi a sitima. Sitima inkazungulira. Anazimitsa n'kuyatsanso, inalira kuti tcha n'kuima, nyali ikuyaka, utsi ukukwera. Kulira kumeneko ndinakudziwa ndisanaone n'komwe ngoloyo.

"Amangokhalira zomwezi," anatero mayiyo. "Wailesi yakanema sakuifunanso. Akaimitsa amadikira utsi udzaze, ndiye aziyendetsanso. Makatani anga onse akununkha mafuta. Emil, kwabwera bambo a ku kalabu."

Emil anandiyang'ana n'kutulutsa mawu amene sindinawamve.

"Akuti khalani pansi," anatero mkazi wake.

Ndinafotokoza zonse, kuyambira mawaya anayi ndi asanu mpaka za shelefu. Ndinatsegula bokosi la nsapato n'kumuonetsa kachidutswa ka waya. Mayiyo ankamvetsera manja ali m'thumba la epuloni.

"Za mawayazo ine sindikuzimva, bambo," anatero. "Ine ndinagula tikiti, ananditchula dzina, anandipatsa bokosi."

"Sindikuti mwaba, mayi. Ndikungopempha nditembenuze ngoloyo. Pansi pake pali sikuluwu imodzi ya mkuwa, kumbuyo, mbali ya kumanja. Ikapanda kupezeka ndituluka, simudzandionanso."

Anayang'ana mwamuna wake. Emil anazimitsa n'kuchotsa dzanja pa chogwirira. Ndinagwada n'kupendeketsa injini ndi ngolo pamodzi, poti zinali zomangiriridwa. Sikuluwu ija inalipo. Mawaya anayi a nsalu yakuda analiponso, osafumbwa, osayoyoka, ndipo pambali pawo panadutsa waya wofiira watsopano wolowa m'mimba mwa injini ya eni.

"Ilipodi," anatero mayiyo, atawerama.

Anapita kukhichini kukatereka khofi. Ndinatsala ndili chigwadire, ngolo ya bambo ili m'dzanja langa, kachodulira kali m'thumba. Waya mmodzi wofiira ndi kapulagi, basi. Emil ankandiyang'ana ndi diso lake labwino lija, osaphethira. Sindinganene kuti ndinamumvera chisoni. Ndinangoona mmene nkhani ikanamvekera ku Mahanoy City: Clem Stanavage walowa m'nyumba ya munthu wopuwala n'kumudulira sitima. Wakuba ndikanakhala ine, Norbert n'kukhala mboni. Ndinabwezera sitima pa njanji, gudumu lililonse pamalo pake. Emil anayatsa.

Mayiyo anabwera ndi makapu awiri ndi mbale ya mabisiketi.

"Ndiye mukufuna titani?" anafunsa.

"Tisinthane. Mutenge iyi, mundipatse yangayo."

"Iyi mwati ndi yakufa."

"Ikhoza kukonzedwa."

"Mungaikonze inu?"

"Ine ayi. Kuwotcherera m'kati mwa injini sindinachitepo, manjanso amanjenjemera."

"Ndiye mukadula wofiirayo utsi uzituluka?"

"Ayi. Mpaka wina atawotchereranso."

Anamwa khofi wake. "Tamverani, bambo Stanavage. Chinthu cha bambo anu ine sindikuchifuna, chilibe ntchito kwa ine. Koma munthu uyu ndamusambitsa, ndamudyetsa, ndamutembenuza pabedi kuyambira chilimwe, ndipo chinthu choyamba chimene wachigwira yekha ndi chogwiriracho. Sindilola kuti agone tsiku limodzi sitimayi ili yosafuka. Abwere wokonza wanuyo ndi ngolo yamoyo, asinthe pompano ine ndikuona, iyende, ifuke, inu mutenge yanu. Apo ayi, musandivutitse."

Ndinati zamveka. Anandipempha nambala ya wokonzayo, ndinamupatsa, ndipo anaimba ine ndili pomwepo. Foni inali pakhoma la kukhichini, ndinkangomva mbali yake yokha.

"Eya, a Hudock? Ndine Bernadine Kotch, wa sitima ija... Ayi, ikuyenda bwino... Kuno kwabwera alamu anu... Eya, ali pompano... Akuti ngoloyi ndi yawo... Ilipo, ndaiona ndi maso anga, ya mkuwa... Oo... Oo, chomwecho?... Kuyambira liti?... Ayi, sanachite chilichonse, angomwa khofi... Chabwino. Zikomo."

Atabwerera, mawu ake anali atasintha. Anayamba kundiyankhula pang'onopang'ono, mokweza, monga ankayankhulira ndi mwamuna wake.

"Bambo, mwabwera nokha pa galimoto? Alipo wokuperekezani?"

"Wakuuzani chiyani?"

"Palibe. Angoti chimwalirireni akazi anu mumasokoneza zinthu pang'ono. Si zochititsa manyazi, zimachitika."

"Nanga sikuluwu mwaiona ija?"

"Akuti anaikapo ndi iwo, yakuda inali itasowa. Akuti munawaona akuikapo tsiku lachionetsero."

Ndinatseka bokosi la nsapato. Anandiperekeza mpaka pakhomo, anandikulungira mabisiketi m'pepala, n'kundiuza kuti ndiyende bwino poti msewu wa paphiri ukuterera. Nditatuluka ndinamva akukhoma ndi loko wapamwamba yemwe.

Ndinapita molunjika kwa Aldona. Norbert anali m'chipinda chake chapansi, ndinkamva wailesi. Mlongo wanga anaima pa chitseko cha masitepe.

"Muitane," ndinatero.

"Akupuma."

"Wauza munthu wachilendo kuti mutu wanga sukuyenda."

"Nanga ukuyenda? Munthu wamkulu ngati inu kupita mpaka ku Tamaqua kukagwada m'nyumba za eni chifukwa cha chidole?"

"Chidole cha bambo ako."

"Bambo anga ndinawaika m'manda ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, achimwene. Sitimayo simunandilolepo n'kuigwira komwe. Lero ndiye yakhala ya bambo anga?"

Apo Norbert anakwera masitepe, akupukuta manja ndi kansanza. Anaima kumbuyo kwa mkazi wake.

"Mayi uja wavomera," ndinamuuza. "Mukonze iyi, tipite limodzi, musinthe. Ntchito yosatenga n'theka la tsiku lomwe. Sindiuza munthu. Ku kalabu sindidzabweranso."

Anayang'ana bokosi limene linali m'khwapa mwanga. Kwa kanthawi ndinayesa alitenga.

"Ndikapita kumeneko ndi chowotcherera, alamu, ndiye kuti ndikunena chiyani?" anafunsa. "Ndiye kuti kalabu inachititsa mayere katundu wa munthu. Ozimitsa moto akamva, holo atipatsanso? Siyani bokosilo pano, Lachinayi mudzaipeza ikuyenda ngati yatsopano. Koma ku Tamaqua ine sindipita."

"Ndiye mukuvomera."

"Sindikuvomera kanthu. Ndikuti ndikukonzerani ngolo yanu."

"Iyi si yanga."

"Ndiye ilibe mwini, poti inenso si yanga."

Aldona anandifunsa ngati ndidya nawo, kunali kabichi wokulunga nyama. Ndinatuluka ndi bokosi langa.

M'chilimwe ndinapeza munthu wina wokonza sitima ku Hazleton. Anasintha chotembenuza m'ngolo ija, inayamba kuyenda mbali zonse, ndipo anavomera kuti tidzapite limodzi ku Tamaqua akasinthe. Ndinaimbira mayi Kotch kuti tipangane tsiku. Atamva dzina langa anati a Hudock anamuchenjeza kuti ndikhoza kudzabweranso, ndipo akandionanso pakhomo aitana apolisi. Ndinamuuza kuti zimene anapempha ndakwaniritsa, ngolo yamoyo ilipo, wokonza alipo. Anati iye ananena za wokonza wa kalabu, osati munthu wotoledwa pamsewu. Anadula foni.

Emil Kotch anamwalira chaka chotsatira, ndinaona m'nyuzipepala. Ndinadikira kuti maliro aphole, kenaka ndinapita. Pawindo panali chikwangwani chogulitsa nyumba. Woyandikana naye anati mayiyo anasamukira kwa mwana wake wamkazi ku chigawo cha Delaware, ndipo katundu yense anapita pa lole imodzi. Tauni yake sankaidziwa.

Norbert akadali wokonza wa kalabu. Ngolo ya bambo anga ili ku Delaware, yowotcheredwa ku injini ya eni.